NKHUNI ZA CHISANU ZITEMEDWA KUSANAZIZIRE

Kuwerenga: Nehemiya 10:34 ndi 13:31, Machitidwe 28:1-6, Yakobo 2:14-17



Mwezi wa May ukamapita kumapeto, mphepo iyamba kusintha. Udzu uuma, chimanga chilowa m'nkhokwe, madzi a mumtsuko ayamba kuluma m'mano, ndipo ana a sukulu tichita kuwakoka kuti atuluke m'zofunda. Pamenepo tidziwa kuti June ndi July afika pakhomo. Kaya muli ku Lundazi, ku Chadiza, ku Petauke kapena m'makomboni a mu Lusaka, chisanu cha miyezi iwiri imeneyi muchidziwa bwino. Ndi nyengo imene moto uleka kukhala wophikira nsima chabe, nukhala chofunda cha banja lonse.

Chaka china mu July, ine ndi anzanga awiri a Chigwirizano tinapita kukazonda agogo ena a mumpingo mwathu amene sanaoneke ku tchalitchi masabata atatu. Tinanyamula kaufa, shuga ndi sopo, tikudziona kuti tachita bwino. Polowa pabwalo tinaona kuti mpanda wa bafa lao wagwa mbali imodzi, ndipo tinati mwina ndi mbuzi. M'nyumba tinawapeza atadzipinda pamphasa, atafunda chitenje ndi thumba. Titaimba ndi kupemphera tinapereka mphatso zathu. Iwo anaomba m'manja nathokoza, kenaka anati, "Ana anga, ufa ndalandira, koma ndiuphikira pa chiani?" Ndinagwira phulusa la pamafuwa, linali zii. Mpanda uja sunagwetsedwe ndi mbuzi. Agogowo ndiwo anali kuzula mtengo umodzi umodzi nasonkhera moto, popeza miyendo inali italeka kuwafikitsa kuthengo, ndipo mitengo imene anali ndi mphamvu yoizula inali itatha.

Tinabwerera kwathu tili chete. Tonse atatu tinali ndi milu ya nkhuni kuseri kwa makhitchini athu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti nkhuni nazo ndi mphatso ya Chikhristu. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufufuza m'mene Buku Lopatulika linenera za nkhuni, ndipo ndinadabwa kupeza kuti Mulungu sachita manyazi kulankhula za ntchito imene ife tiiyesa yonyozeka. Tiyeni tsono tiyende pamodzi ndi mtolo wa nkhuni, kuchokera kuthengo kufikira pamafuwa.

1. Kutema pa nthawi yake

Anthu a Yuda atabwerako ku ukapolo ku Babulo, ndipo linga la Yerusalemu litamangidwa m'masiku 52, anachita pangano lolembedwa pamaso pa Mulungu. Analonjeza za Sabata, za maukwati, za chakhumi ndi za zipatso zoyamba. Pakati pa zinthu zazikulu zimenezi panalinso nkhani ya nkhuni. Pa Nehemiya 10:34 timva kuti ansembe, Alevi ndi anthu wamba anachita maere kuti banja lililonse lidziwe nthawi yake yobweretsa nkhuni ku nyumba ya Mulungu chaka chilichonse. Ndipo mukatsegula vesi lotsiriza la buku lonselo, mupeza Nehemiya, munthu amene anali woperekera chikho kwa mfumu ya Perisiya ndiponso kazembe wa dziko, akutchula nkhuni zomwezo asanapemphe Mulungu kuti amkumbukire. Iye anadziwa kuti guwa la nsembe lingakongole chotani, popanda wina wopita kuthengo moto wake uzima. Anadziwanso kuti ntchito imene tonse tingoti "wina achita" sichitika, nchifukwa chake anaika nthawi ndi maina.

Inu amai mudziwa chifukwa chake nkhuni zifuna nthawi. Mtengo wauwisi, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauika pamoto, moto uyamba walimbana ndi madziwo, ndiye muona thovu likutuluka kumapeto kwa chikuni, utsi uli tolo, maso ali misozi yokhayokha, koma kutentha kulibe. Nkhuni zouma bwino zipepuka m'manja, zichita ming'alu kumapeto, ndipo mukagundanitsa ziwiri zilira momveka, pamene zaziwisi zingoti phi. Kuti zifike pamenepo pafunika miyezi. Nthambi zing'onozing'ono zotemedwa mvula ikangotha mu April zitha kuuma pofika June, koma zikuni zazikulu za mitengo yolimba monga tsanya ndi mombo zifuna kuti zikhale zitaona dzuwa la September ndi October la chaka chatha. Ndidziwa kuti April ndi May ndi miyezi yokolola ndipo manja ndi ochepa. Komabe amene adikira kuti mano ayambe kugundana ndi chisanu ndipo pamenepo atenge nkhwangwa, adzaotha utsi.

Moyo wa uzimu uli chimodzimodzi. Chisanu chifika kwa mai aliyense: maliro, matenda, umasiye, mwana wolowerera, ukwati wogwedezeka. Tsiku lotere si tsiku loyamba kuphunzira kupemphera. Mai amene anali kusunga Mau mumtima masiku a mtendere, amene sanajombe ku phunziro la Baibulo pamene zonse zinali bwino, apeza nkhuni zouma pa tsiku la tsoka. Ndaona amai achikulire amene maso ao analeka kuwerenga kalekale, koma ali gone m'chipatala Masalmo angotuluka okha pakamwa pao. Amenewo anatema kusanazizire.

Palinso funso la mtengo umene titema. Pa Deuteronomo 20:19-20 Aisraeli analetsedwa kugwetsa mitengo ya zipatso ngakhale pa nthawi ya nkhondo, pozinga mudzi wa adani ao. Nanga ife, pa nthawi ya mtendere, tigwetsa bwanji msuku, mpundu ndi msau, imene ana athu adyako zipatso? Yambani ndi mitengo youma yokha. Pa mtengo wamoyo dulani nthambi, thunthu mulisiye. Mukagwetsa mtengo musatenthe chitsa, pakuti mitengo yambiri ya m'thengo lathu iphukanso ngati moto ndi mbuzi siziononga mphukira zake. Ndiponso bzalani. Mtengo wa Gliricidia, umene akatswiri a zaulimi anauyesa kwa zaka zambiri pa Msekera pafupi ndi Chipata, ukula msanga, masamba ake abwezera chonde m'munda, ndipo mukaudula uphukanso. Mapesi a nyamundolo naonso ayaka bwino.

Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatitsegula maso. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja a m'tauni anathamangira malasha. Thumba lililonse la malasha linali mtengo umene unagwa kumudzi. M'madera ambiri ana athu aakazi ayenda mtunda wautali kuposa umene ife tinayenda pofuna nkhuni, ndipo mudziwa zoopsa zimene mtsikana akumana nazo akakhala yekha kuthengo. Musamtume yekha. Mai amene abzala mitengo m'malire a munda wake afupikitsa ulendo wa mdzukulu wake.

2. Kuwaza ndi nkhwangwa yonola

Chikuni chachikulu sichiuma msanga chifukwa khungwa litsekera madzi mkati. Kunja chioneka chouma, koma mukachiwaza mupeza mkati muli chinyezi, mwinanso mwayamba kale kuola. Kuwaza ndiko kutsegula mtengo kuti dzuwa ndi mphepo zilowe. Ambiri a ife tili ngati chikuni chosawaza. Yunifomu ili mbee, nyimbo ili pakamwa, koma mkati muli chakukhosi cha zaka khumi ndi mlamu kapena ndi apongozi. Musathawe ulaliki umene wakukhudzani pabala. Kuulula tchimo pamaso pa Mulungu ndi kupita kukapepesa kwa mnzanu kupweteka monga nkhwangwa, koma ndi pomwepo pamene dzuwa la chisomo lilowera.

Mlaliki 10:9-10 achenjeza kuti ntchito yowaza nkhuni ili ndi ngozi zake, ndi kuti munthu amene sanola chitsulo chake alipira ndi mphamvu za thupi lake. Mau amenewa ndi oona ngakhale kuseri kwa khitchini yanu. Nolani nkhwangwa musanayambe. Onani ngati mpini uli wolimba ndiponso ngati chitsulo chakhala bwino. Chikuni muchiike pa chitsa kapena pa chikuni china, osati pamwala, ndipo musachiponde ndi phazi pamene mukutema. Imani miyendo itatalikirana, kuti nkhwangwa ikaphonya igwere pansi, isapeze msongolo. Funani mng'alu umene ulipo kale mumenye pamenepo, ndipo mfundo muzipewe. Chikuni chachikulu muchiyambe m'mbali. Ana akhale patali, ndipo wakumsana muyambe mwamtsitsa.

Ndidziwa amai ambiri amene adzuka tambala woyamba, napita kumunda, kuchitsime, kumaliro, ku msonkhano wa mpingo, nafika madzulo ali wefuwefu, nati, "Nthawi yowerenga Baibulo ndiipeza kuti?" Mai wanga, mukuwaza ndi nkhwangwa yobuntha. Mukumenya kakhumi pamene pafunika kawiri, ndipo nchifukwa chake mupsa mtima msanga ndi ana, ndi abambo a kunyumba, ndi anzanu a m'komiti. Nthawi imene munthu akhala pansi ndi mwala wonolera siitayika. Mphindi khumi zokha ndi Mau ndi pemphero m'mawa zisintha m'mene nkhwangwa igwera tsiku lonse.

Malamulo a Mose anenanso za nkhwangwa yoguluka. Pa Deuteronomo 19:5 timva za anthu awiri opita kuthengo kukatema mitengo, chitsulo nichiguluka mumpini, nichipha mnzake, ngakhale panalibe udani pakati pao. Mulungu anakonza midzi yothawirako kuti munthu wotere asaphedwe mobwezera. Koma taonani kuti wakufayo anafa ndithu. Lilime nalo liguluka motero. Timati, "Ine sindinafune kumpweteka, ndinangonena." Bala silipola chifukwa chakuti mwini nkhwangwa sanafune. Tiyeni tione mpini tisanakweze dzanja.

Ndipo pa 2 Mafumu 6:1-7 pali mnyamata wa gulu la aneneri amene nkhwangwa yake inagwera mu Yordano pamene anali kudula mtengo. Chimene chinamliritsa ndi chakuti inali yobwereka. Mulungu, mwa dzanja la Elisa, anayandamitsa chitsulocho. Mulungu wa kumwamba asamala za nkhwangwa yobwereka ya munthu wosauka. Ngati Iye atero, ifenso tibweze za eni ake pa nthawi yake, zili zonola, kuti mawa mnzathu asaope kubwereketsa.

3. Kusanja mulu

Nkhuni zongoponyedwa pansi mwachisawawa zikhala chakudya cha chiswe. Yambani mwaika miyala kapena mitengo iwiri pansi kuti nkhuni zisakhudze dothi. Sanjani m'mizere, za kumapeto muziike mopingasa kuti mulu usagwe, ndipo musiye mipata yopita mphepo. Sankhani malo owomba dzuwa. Mvula ikayandikira fundikani pamwamba pokha ndi udzu kapena lata lakale, m'mbali musiye poyera, pakuti nkhuni zokulungidwa ndi pulasitiki mbali zonse zichita nkhungu. Mulu usapitirire pachifuwa panu, popeza ana akonda kukwerapo. Musautsamiritse kukhoma la nyumba, chifukwa chiswe chipezerapo njira yokwerera kudenga, ndipo moto ukagwira mulu ugwiranso tsindwi. Lambulani udzu kuzungulira mulu moto wolusa wa mu August ndi September usanafike. Nkhuni zakale ndizo ziyambe kupita pamoto.

Mai wanzeru apatula nkhuni zake patatu: tinkhuni toyatsira, zapakati zophikira, ndi zikuni zosunga moto usiku. Chigwirizano chathu chifuna mitundu yonseyi. Mai wachitsikana amene wangovala kumene ali ngati kankhuni koyatsira: agwira moto msanga, ali ndi changu, koma akasiyidwa yekha atha msanga. Amai achikulire ali ngati chikuni: sachita malawi ambiri, koma m'mawa mukafukula phulusa mupeza khala lili moyo. Achikulire musanyoze changu cha ana, ndipo ana musati agogo atha ntchito. Chikuni mukachichotsa pa zinzake nimuchiika pachokha, chifuka pang'ono nichizima. Mai amene ati, "Ine ndizipemphera ndekha kunyumba, ku Chigwirizano kuli zokamba zambiri," ayambe waganizira chikuni chimenecho.

Tsono tiyeni ku Machitidwe 28. Ngalawa imene inanyamula anthu 276 inasweka patapita masiku 14 a namondwe, ndipo onse anapulumuka nafika pa chisumbu cha Melita, chimene lero chitchedwa Malta. Kunali mvula ndi chisanu. Eni chisumbu, anthu amene anali asanamvepo za Khristu, anasonkha moto nalandira onsewo, asilikali ndi akaidi omwe. Paulo ndiye anali atalimbitsa mitima ya anthu onse m'ngalawamo, ndipo akanatha kukhala pafupi ndi moto kuti ena amtumikire. Koma timpeza akutola nkhuni. Mtumwi wa Ambuye anaona kuti moto wa anthu 276 ufuna manja ambiri, nawerama. Amai abusa, atcheya, alembi ndi asungichuma, mpando sutichotsera mtolo pamutu.

Ndipo pamene anaika nkhunizo pamoto, njoka inatuluka chifukwa cha kutentha nimluma padzanja. Anthu aja anayamba kunong'onezana kuti ayenera kuti ndi wakupha anthu. Ataona kuti sanatupe kapena kugwa, anasintha nayamba kumuyesa mulungu. Paulo sanatekeseke ndi mau oyambawo, ndipo sanadzitukumule ndi achiwiriwo. Anakutumulira njoka pamoto napitiriza kutumikira, kufikira anapempherera odwala a pachisumbupo. Nanunso njoka itha kukulumani muli pakati pochita zabwino. Ena adzati muli ndi chimene mukufuna kwa agogo amene mukuwathandiza. Musasiye mtolo chifukwa cha pakamwa pa anthu.

Koma tisaiwale kuti njoka ya Paulo inali njoka yeniyeni. M'nyengo yozizira njoka ndi zinkhanira zibisala m'milu ya nkhuni. Gogodani mulu ndi ndodo musanatenge, musapise dzanja pamene maso saona, ndipo musatume mwana kukatenga nkhuni mumdima. Wina akalumidwa, musacheke pabala kapena kumanga zolimba ndi chingwe. Mnyamuleni msanga kupita naye kuchipatala, mukupemphera m'njira. Chimene Mulungu anachitira Paulo chinali chizindikiro kwa anthu a pachisumbu chija, ndipo sichitipatsa ife chilolezo chomuyesa Mulungu.

4. Kuotha moto mwanzeru

Moto ndi mphatso, koma m'nyumba yotseka usanduka mdani. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linanena kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osafika zaka zisanu. Amene akhala nthawi yaitali pamafuwa ndi ife amai, pamodzi ndi mwana wakumsana. Chifuwa chosatha, chibayo cha ana ndi maso ofiira, zambiri zichokera pamenepo. Nkhuni zouma zichepetsa utsi. Khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pamwamba. Musasonkhere mapulasitiki, matabwa opaka penti kapena mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe. Chitofu chomanga ndi dothi chidya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo ana sagweramo msanga.

Choopsa koposa ndi mbaula ya malasha m'chipinda chogona. Malasha akamayaka m'nyumba yotseka atulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo ulibe fungo. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, ndipo amene ali m'tulo sadzukanso. Ambiri a ife tamvapo za banja limene linapezeka m'mawa litafa, zitseko zili chitsekere, mbaula ili pakati. Mai amene analowetsa mbaulayo anachita chifukwa cha chikondi, pofuna kuti ana asazizidwe. Chonde, amai anzanga, othani moto chitseko kapena zenera lili lotsegula, ndipo musanagone tulutsani mbaula panja. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba ya mbaula, tsegulani zonse, mtulutseni panja, nimuthamange naye kuchipatala. Kauzeni ana anu a m'tauni amene akhala m'kachipinda kamodzi ka lendi. Wodwala khunyu asakhale yekha pafupi ndi moto. Lamulo lachisanu ndi chimodzi lotiletsa kupha litilamulanso kusunga moyo.

Pa Levitiko 6:8-13 wansembe analamulidwa kuchotsa phulusa paguwa ndi kuonjezera nkhuni m'mawa uliwonse, kuti moto ukhale woyaka nthawi zonse. Sanauzidwe kuunjika nkhuni za mwezi wonse tsiku limodzi. Moto usungidwa ndi nkhuni zochepa zoikidwa tsiku ndi tsiku. Ena a ife tiyaka kwambiri pa msonkhano waukulu wa pachaka, tibwerako mau atasasa ndi kuimba, koma pakapita masabata awiri patsala phulusa. Guwa la m'nyumba mwanu lifuna nkhuni za lero: vesi limodzi, nyimbo imodzi, pemphero limodzi pamodzi ndi ana. Ndipo nyengo yachisanu itithandiza, popeza ndi nthawi imene banja lonse lisonkhana lokha pamoto popanda woliitana. Makolo athu anaphunzitsa ana nthano ndi miyambi pamalo amenewa. Ife tiwauza chiani?

Miyambo 26:20-21 ayerekeza mkangano ndi moto, ndipo munthu wa miseche amuyerekeza ndi nkhuni zake. Pamene palibe wosonkhezera, mkangano uzima wokha. Mikangano yambiri ya m'mabanja ndi m'mipingo ikanatha kalekale pakanapanda wina wobwera ndi kankhuni madzulo alionse, nati, "Kodi mwamva zimene ananena?" Pali moto umene Mulungu afuna kuti tiusonkhezere, ndipo pali moto umene afuna kuti tiumane nkhuni. Mai wa Chigwirizano adziwe kusiyanitsa.

5. Mtolo wachiwiri

Yakobo 2:14-17 afunsa za phindu la kuuza mbale wausiwa ndi wanjala mau abwino omufunira kufunda ndi kukhuta, koma osampatsa kanthu. Ife atatu aja tinapereka kanthu, koma sitinayang'ane pamafuwa. Chikondi chifuna maso. M'mawa mwake tinabwerera kwa agogo aja ndi mitolo itatu, ndipo Loweruka anyamata a mumpingo anabwera ndi nkhwangwa nawaza zikuni, namanganso mpanda wa bafa. Agogowo sananene zambiri. Anangotambasula manja pamoto nati, "Lero ndigona."

Kumbukirani mkazi wamasiye wa ku Zarefati pa 1 Mafumu 17. Eliya anampeza pachipata cha mudzi akutola tinkhuni tiwiri toti aphikire chakudya chotsiriza cha iye ndi mwana wake. Panalibe munthu anamuwerengera, koma Mulungu anali atamtchula kale kwa mneneri wake. Ngati inu amene muwerenga mau ano ndinu amene mukutola tinkhuni tiwiri, dziwani kuti Iye akuonani. Ndipo musachite manyazi kuuza anzanu a Chigwirizano. Ngati mulu wanu uli wodzaza, dziwani kuti mwina ndinu yankho la pemphero la mnzanu. Akulu anati kupatsa nkuika.

Tsono ndipempha kuti tichite monga Nehemiya. Pa msonkhano wanu wotsatira, lembani maina a okalamba, odwala, olumala ndi ana amasiye okhala okha m'dera lanu. Pa dzina lililonse ikani dzina la mai amene adzapita, ndi sabata yake, kuyambira May kufikira August. Mukapita kuthengo, mangani mtolo wachiwiri. Muuwaze ting'onoting'ono, popeza manja okalamba sakweza nkhwangwa. Pemphani abambo a ngolo ndi achinyamata kuti athandize pa zikuni zazikulu. Inu a m'tauni sonkherani kathumba ka malasha kapena bulangeti, ndipo popereka mufotokoze za kuopsa kwa mbaula. Mvula ikakhazikika mu December, bzalani mitengo pamalo a tchalitchi kuti zaka zikubwerazi nkhuni za okalamba zizichokera pomwepo.

Mitolo yathu sititsegulira kumwamba. Pa Genesis 22 Abrahamu anawaza nkhuni m'mamawa, ndipo Isake anazisenza pokwera phiri, koma Mulungu anapereka nkhosa m'malo mwake. Patapita zaka zambiri Mwana wa Mulungu anasenza mtengo wake potuluka mu Yerusalemu, ndipo panalibe wina womlowera m'malo, pakuti Iye ndiye anali kulowa m'malo mwathu. Tipulumuka ndi mtengo umenewo wokha. Usiku umene Yesu anagwidwa kunali kozizira, ndipo Petro anamkana ali kuotha moto wa makala pabwalo la mkulu wa ansembe. Koma pa Yohane 21, Ambuye wouka kwa akufa anakonza yekha moto wa makala m'mphepete mwa nyanja, naikapo nsomba, naitana ophunzira otopa kuti adye. Pa moto umenewo anambweza Petro nampatsa nkhosa zake kuti azidyetse. Amene anasonkhera moto munthu amene anamkana, sadzakusiyani inu pachisanu. Tisenza mtolo wachiwiri chifukwa Iye anayamba kutisenzera ife.

Mafunso okambirana

1. Ndani m'dera lathu amene pamafuwa pake pangakhale pozizira chisanu chino, ndipo ndani adzapitako?
2. Kodi pali moto wa mkangano umene ine ndakhala ndikuusonkhezera? Ndichite chiani sabata ino?
3. Tingabzale mitengo iti, ndipo kuti, kuti ana athu aakazi asayende mtunda wautali?

Pemphero

Atate wathu wa kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha mitengo, moto ndi manja ogwira ntchito. Tikhululukireni pamene tinaotha tokha nitiiwala anzathu. Tsegulani mitima yathu ndi Mau anu, sungani malilime athu, ndipo mutchinjirize mabanja athu ku utsi, ku moto ndi ku njoka m'nyengo ino. Tipatseni maso oona pamafuwa pozizira ndi mphamvu zosenza mtolo wachiwiri. Tipempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.